Ng'ombe Zotsimphina za Alamu Anga

Alamu anga aja, amene anzathu a kuchionetsero cha ng'ombe ankawatchula kuti a Gwirachingwe, anali ndi lamulo limodzi lokha padziko lapansi: chingwe cha ng'ombe yawo sichinkagwiridwa ndi munthu wina. Galimoto ankabwereketsa. Jekete lawo ankabwereketsa, ngakhale panalibe wolifuna chifukwa cha fungo. Koma ukangotambasula dzanja kuti uwalandire chingwe, ankakuyang'ana ngati wawapempha mkazi.

Mkaziyo ndi mlongo wanga. Tsiku limene anamukwatira, anapezanso wantchito waulere, amene ndi ine, ndipo ndakalambira pafamu pawo ndikudikira kuti andithokoze. Ankaweta ng'ombe za nyama, zofiira ngati njerwa yopsa bwino, zamtundu umodzi wosasakaniza. Sizinali zopita kubutchala ayi. Ntchito yawo inali kubereketsa nkhunzi zoti alimi ena azigula, zikawakonzere mbewu m'makola mwawo. Nkhunzi ikapambana kuchionetsero, ogula ankabwera okha. Ikapanda kupambana, unkachita kuwafotokozera mpaka malovu kuuma, iwo akuyang'ana wotchi.

Inu amene simunapiteko kuchionetsero mumaganiza kuti n'kosangalatsa, chifukwa mumangoona ng'ombe zikunyezimira. Simudziwa kusambitsa chinyama chachikulu ngati nyumba, madzi ozizira akukulowa m'nsapato. Uchipese mchira, uchisenge ziboda, uchipake mafuta, ndipo ukangomaliza, icho n'kugona pa ndowe zake chikukuyang'ana m'maso. Anthu ake ndi omwewo chaka ndi chaka, nkhani zomwezo, tiyi wozizira yemweyo. Tinayamba tikudumpha mipanda. Tinadzamaliza tikufunsana kuti geti lili kuti.

Tsono alamu anali ndi bondo. Ali mnyamata, ng'ombe ina yaikazi inawamenya theche kumanzere, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda chonchi: kuponda, kuponda, kenaka kugwera kumanzere pang'ono, ngati munthu amene waona ndalama pansi n'kusintha maganizo. Aliyense ankaona. Iwo okha ndi amene sankaona.

"Alamu, mwendowo ukuvuta lero?"

"Mwendo uti?"

"Umene ukutsimphinawo."

"Ine sinditsimphina. Nthaka ndi yosalingana."

Ngakhale m'sitolo, pasimenti yosalala ngati galasi, ankagwera kumanzere n'kupukusa mutu. "Amisiri a masiku ano," ankatero, "sadziwa kusalaza."

Thole lililonse lopita kuchionetsero ankaliphunzitsa okha kuyenda pachingwe, m'mawa uliwonse, kuchoka pakhola kukafika pampope n'kubwerera. Ng'ombe yophunzira bwino imayenda phewa ndi phewa ndi mbuye wake. Akaima, imaima. Akafulumira, imafulumira. Ndipo alamu anali mphunzitsi wabwino. Wabwino mopitirira muyeso.

Chaka chilichonse zinkatha chimodzimodzi. Ajaji ankazungulira nkhunzi yathu akumeza malovu, kuigwira msana, kuigwira matako, kenaka n'kunena kuti iyende. Ikayenda, nkhope yawo inkagwa.

"Bambo, ng'ombe iyi ndi yokongola. Msana ngati tebulo. Koma ikutsimphina."

"Bwalo lanu ndi losalingana."

"Zinzakezi zikuyenda m'bwalo lomweli."

"Ndiye kuti zinazolowera zoipa."

Riboni yofiira, ya nambala wani, inkapita kwa a Chipewa, mdani wawo wa zaka zonse, munthu amene sitinamuonepo mutu chifukwa chipewa sichinkachoka. Ife tinkabwerera ndi yabuluu. Mariboni abuluu anadzaza khoma la pabalaza, anadzaza m'kabati, mpaka mlongo wanga anayamba kumangira tomato m'dimba. Dimba lonse linkaoneka ngati lapambana mpikisano wa nambala thu.

Itabadwa Nyundo, nkhunzi imene alamu ankati Mulungu anaiumba Lolemba m'mawa asanatope, tonse tinati basi, yofiira yabwera. Nyundo inapita kuchionetsero n'kubwera ndi yabuluu. Inapitanso, yabuluu. Apa alamu anaitana adokotala a ziweto.

Adokotala ananyamula chiboda chilichonse, kuchigogoda, kuchinunkhiza. Anafinya mawondo onse anayi. Sanapeze kanthu.

"Ndiione ikuyenda," anatero. "Mtsikana, tagwira chingwe."

Mtsikanayo ndi mwana wachisamba wa alamu, amene anakulira m'khola ndipo ng'ombe amazidziwa kuposa anthu. Anangoti asunthe phazi, bambo ake n'kubisa chingwe kumbuyo.

"Chingwe ndi changa, adokotala. Inu yang'anani miyendo."

Anayamba ulendo wa kumpope, ife tili kumbuyo. Kuponda, kuponda, kugwera kumanzere. Munthu ndi ng'ombe, nthawi imodzi, ngati anachita kupangana. Adokotala anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Anatsegula pakamwa. Pomwepo mlongo wanga anakuwa ali pakhonde:

"Adokotala, tiyi akuzizira!"

Adokotala anatseka pakamwa. Pochoka anangoti, "Muziipatsa mchere wonyambita," n'kuliza galimoto ngati akuthawa ngongole ya mowa.

Ine ndinathamangira kukhitchini ngati ndatulukira mankhwala a imfa.

"Achemwali, mwaona zimene ndaona ine?"

"Mwaona lero, achimwene? Tayang'anani galuyo."

Ndinasuzumira pawindo. Galu wa pakhomo ankatsatira alamu kupita kukhola. Kuponda, kuponda, kugwera kumanzere.

"Nanga bwanji simuwauza?"

"Munthu waweta ng'ombe moyo wake wonse, ine ndikamuuze kuti matenda a m'khola mwake ndi iyeyo? Inu mumakagona kwanu. Ine ndimagona momuno. Auzeni ndinu."

Ndinayesa, musati sindinayese. Tsiku lina tikusakaniza chakudya cha matole ndinati, "Alamu, munaonapo kuti Nyundo imayenda ngati inu?"

"Zikomo," anatero. "Imayenda mwaulemu."

Zikanakhala za mariboni okha, tikanangoseka mpaka kumanda. Koma a Chipewa anayamba kuyankhula. Sankanena mokweza ayi, ankangoti akaima ndi ogula pafupi ndi ng'ombe zathu, n'kuusa moyo. "Zokongola, eti? Chisoni ndi miyendo. Zili m'magazi zimenezo." Mawu otere kwa woweta mbewu ndi poizoni. Palibe mlimi amene angagule nkhunzi yoti ikamudzazire khola ndi matole olumala. Amene ankabwera chaka ndi chaka anayamba kutipatsa moni ali patali.

Mtsikana anandipeza ndikutsuka chomwera ng'ombe.

"Amalume, nkhunzi zakula m'kholamu, wozifunsa palibe. Mwezi uno wabwera ndi wabutchala yekha, ndipo amaziyang'ana ngati zafa kale. Mbiri iyi ikakhazikika, ntchito yonse ya ababa ithera pa mbedza."

"Ndiye titani, mwana wanga? Tiwadule mwendo?"

"Tiwalande chingwe."

"Bola mwendo," ndinatero.

Bondo lomwelo ndi limene linatithandiza. Linatupa ngati dzungu, ndipo alamu anawatengera kuchipatala kukawachita opaleshoni. Ali pa machira anasiya lamulo: thole la Nyundo, limene analitcha Mphezi, wina asalimange chingwe mpaka iwo atabwera. Galimoto isanafike n'kumsewu komwe, mtsikana anali atalimanga kale.

Alamu anagona nthawi yaitali, kuchipatala kenaka kunyumba. Madokotala anachotsa ululu, koma kutsimphina anakusiya pomwepo, mwina anaona kuti n'kwa mwini wake. Tsiku loyamba kutuluka panja, atatsamira ndodo, anapeza mwana wawo akuchokera kumpope ndi Mphezi. Inkayenda mowongoka, mutu m'mwamba, miyendo inayi ikugwira ntchito mofanana.

"Mwaitani ng'ombe yanga?"

"Yatani, ababa?"

"Ikuyenda ngati msilikali! Bweretsa kuno chingwecho."

Anataya ndodo n'kuyamba kuikonza. Posakhalitsa Mphezi inadziwa mayendedwe awiri, pakuti chinali chinyama chochenjera chosafuna kukhumudwitsa munthu. Ikakhala ndi mtsikana, msilikali. Ikangoona alamu, mdala.

Chionetsero chitayandikira, mtsikana anachita chinthu chimene ine ndi mlongo wanga tinachilephera kwa zaka zonsezi. Anabisala kuseri kwa thanki n'kuwajambula pafoni, chakumbuyo, akupita kumpope ndi Mphezi. Masana tikudya pakhonde anawapatsa foniyo.

"Ababa, taonani nkhunzi iyi. Mundiuze maganizo anu."

Palibe chimene alamu ankakonda kuposa kuweruza ng'ombe za eni ake. Anapukuta m'manja, n'kuitalikitsa foni kumaso chifukwa magalasi anali m'nyumba.

"Iyi ndiye ng'ombe. Taonani matakowo. Ya ndani?" Anayang'anitsitsa. "Aaa, koma ndani mdala wopusayu akuiononga? Taonani, alamu! Akagwa iye, nayonso ikugwa. Ng'ombe ilibe vuto iyi, vuto ndi chidakwa chikuikokachi. Anthu ena ngofunika kuwalanda chingwe."

Mlongo wanga anayamba kusonkhanitsa mbale zoti sitinamalize kudya. Ine ndinapeza chinthu chosangalatsa kwambiri pa chala changa chakuphazi.

"Dikirani," anatero alamu. "Mchira uwu ndikuudziwa."

Anazindikira mchira asanazindikire jekete lawo. Anaonera mpaka kumapeto, n'kuuza mwana kuti ayambitsenso. Anaoneranso. Kenaka anaika foni patebulo pang'onopang'ono, ngati dzira.

"Mafoni amenewa amapendeketsa zithunzi," anatero. Ananyamuka kupita kukhola, ndipo tsiku limenelo sanadyenso kanthu.

Nkhaniyi sinatchulidwenso. Tinakweza Mphezi mulole, chingwe chili m'manja mwawo. Tinaitsitsa, chingwe chili m'manja mwawo. Tinaisambitsa, kuipesa, iyo n'kugona pa ndowe, ife n'kuisambitsanso. Mtsikana anavala khoti loyera la olowetsa ng'ombe m'bwalo, bambo akenso anavala lawo, ndipo panalibe amene anafunsa mnzake kuti wavaliranji. Ataitana gulu la nkhunzi zazing'ono, alamu anaikoka mpaka pageti la bwalo. Ine mumtima ndinati basi, tomato wapezanso chomangira.

Pagetipo anaima. Anasuzumira m'bwalo, utuchi uli wosalala ngati bedi la alendo.

"Chaka chino alikonza moipa," anatero. "Mabampu okhaokha. Iwe ndiwe wopepuka, mayi. Tenga."

Anatambasula dzanja. Zala zinachita kukana, mwana anachita kuzitsegula chimodzichimodzi. A Chipewa, amene anali kumbuyo kwathu ndi nkhunzi yawo, anavula chipewa osadziwa, ndipo tsiku limenelo tinadziwa kuti m'menemo munalibe tsitsi ngakhale limodzi.

Mphezi inalowa ngati mwini bwalo. Anthu anayamba kunong'onezana. Koma alamu akanatha bwanji kuima malo amodzi? Anayamba kuitsatira kunja kwa mpanda, akugwira matabwa, akukuwa.

"Kweza mutu! Usaithamangitse! Ipatse mpata!"

Kuponda, kuponda, kugwera kumanzere. Mphezi inatembenuza khutu. Inaponya diso kumpanda, n'kuona mbuye wake. Ndipo pamaso panga, phewa lake lamanzere linayamba kutsika.

Mwayi wake, ajaji anali atawerama akuyang'ana ziboda za ng'ombe ina. Mtsikana sanakuwe. Anangoyang'ana bambo ake, milomo yokha n'kunena kuti, "Ababa."

Alamu anaima. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana mwendo wawo. Kenaka anandikoka malaya.

"Tiyeni kuseri kwa lole."

"Alamu, tsiku ili mwalidikira moyo wanu wonse."

"Ndati tiyeni. Sukulu munathawa, koma maso muli nawo. Mukwere pamwamba muzindiuza."

Ndinakwera, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Iwo anagadabuza ndowa n'kukhalapo, atafulatira bwalo, akuyang'anizana ndi tayala.

"Ikuyenda bwanji?"

"Yagwa."

"Alamu!"

"Ndanama. Ikuyenda ngati ikukalandira malipiro."

"Mutu?"

"M'mwamba, ngati wa apongozi."

"Ajaji ali pati?"

"Akuigwira matako. Sakufuna kusiya. Akazi awo akanaona, pakanakhala mlandu."

"Ya a Chipewa?"

"Ikukodza."

"Zabwino. Mwana waimika bwanji miyendo?"

"Ngati ya tebulo. Akuikanda pamimba ndi kandodo, iyo yatsinzina."

"Ndinamuphunzitsa ndine zimenezo."

"Munamuphunzitsa liti, chingwe mukugona nacho?"

"Ankaonera. Nenani za m'bwalo, musandifunse mafunso."

Ajaji anazizungulitsanso kawiri. Anaimika Mphezi pambali pa ya a Chipewa, n'kubwerera m'mbuyo, manja m'chiuno. Anayenda uku, anayenda uko, ngati munthu wosankha nsapato. Kenaka anapita patebulo.

"Atenga riboni."

"Yamtundu wanji?"

Ndinayamba kupukuta m'maso pang'onopang'ono, pakuti mwayi wozunza alamu subwera kawiri.

"Yamtundu wanji, munthu inu?"

"Maso anga akalamba, alamu. Koma ndikuona ngati tomato wa achemwali chaka chino agwa pansi."

Kubwalo anthu anayamba kuwomba m'manja. Nditasuzumira pansi, ndinaona alamu jekete lili kumutu, mapewa akugwedezeka. Ndinatsika bwinobwino n'kukhala pambali pawo. Patapita nthawi anatulutsa nkhope.

"Fumbi la malo ano," anatero. "Sathira madzi."

Madzulo ake titafika kunyumba, mtsikana anawapatsa riboni ija. Tonse tinkaganiza kuti aikhoma pabalaza pakati pa zabuluu. Iwo anaiika m'thumba n'kutuluka. Ine ndinali kuseri kwa chomwera, ndikutseka mpope, ndiye ndinaona. Anapita pakhola la Nyundo, imene tsopano inali itakalamba, n'kumanga riboniyo pamtengo wa geti. Anaikanda nkhunziyo pachipumi nthawi yaitali.

"Iyi ndi yako, mdala," anatero. "Miyendo yako inalibe mlandu."

Kwa munthu sanavomerepo. Mpaka tsiku lomaliza nthaka inali yosalingana. Koma chingwe cha thole sanachigwirenso. M'mawa mwana akamaphunzitsa matole, iwo ankakhala m'nyumba, kuseri kwa katani, diso limodzi pampata, akulamula motsitsa mawu anthu oti sakuwamva. Dzanja lawo lamanja linkasowa chochita. Linkangotseka ndi kutsegula lokha pa bondo, mpaka mlongo wanga anawadulira kachidutswa ka chingwe chakale kuti azisunga m'thumba.

Alamu anatisiya m'nyengo ya mvula yotsatira, masana, ali pampando womwewo wa pawindo. Mlongo wanga anabwera ndi tiyi n'kuyamba kuwakalipira kuti akugona ndi nsapato. Kachingwe kaja kanali m'manja. Pamaliro awo, a Chipewa anabwera, chipewa chili pachifuwa, dazi lonse pamtunda, n'kundigwira mkono.

"Nanga ine ndizikangana ndi ndani tsopano?"

"Mwana wawo alipo," ndinatero. "Koma ameneyo sakangana. Amangopambana."

Ndipo n'zoona. Ogula anabwerera, ena mpaka amachita kuimba foni thole lisanabadwe. Wabutchala anaiwala njira. Pabalaza payamba kufiira, tomato akumangidwa ndi nsanza ngati wa anthu ena onse. Galu uja anafa, amene alipo panoyu amayenda mowongoka, galu wopanda mbiri. Matole onse amapita kumpope ngati asilikali, ndipo ine ndikawayang'ana ndimangomva tulo. Kuchionetsero ndimapitabe, chifukwa wina ayenera kunyamula ndowa, koma tiyi uja wazizira kuposa kale, ndipo palibenso amene amauza ajaji kuti bwalo lawo ndi lokhota. Anthu amalandira mariboni awo mwaulemu n'kumapita. Ndimakhala pa belo la udzu, mawondo akuwawa, ndikusowa woti ndimunamize.

Yatsala ndi Nyundo. Mano atha, ntchito inasiya kalekale, imangodya. Mtsikana salola kuti wina atchule za kuigulitsa. M'mawa ndimaitsegulira kuti ikamwe, ndipo chingwe sindiimanga, chili pa msomali pomwe anachisiya eni ake. Imatuluka yokha, n'kusiya mpata kumbali kwake wokwana munthu mmodzi, n'kuyamba ulendo wa kumpope. Kuponda, kuponda, kugwera kumanzere.

Tsiku lina kunabwera mlimi wachilendo kudzaona nkhunzi zazing'ono. Ataimirira pampanda ndi mtsikana, Nyundo inadutsa. Munthuyo anaitsatira ndi maso mpaka kumpope.

"Pepani, mayi," anatero. "Nanga yaikuluyi yatani mwendo?"

Mtsikana sanatembenuke n'komwe.

"Ilibe vuto," anatero. "Nthaka ndi yosalingana pamenepo."